Mwamuna Amene Ndinaika M'manda a Agogo Anu

Ana inu, simenti ija ndaiona. Mwaibisa kuseri kwa nkhokwe ngati kuti ndine wakhungu, matumba atatu pansi pa lona. Ndamvanso kuti mwapangana kale ndi mmisiri woti amange chiliza pamanda a agogo anu aamuna, alembepo dzina lawo lakuti Lufeyo, asiyenso malo pambali oti ine ndidzagonepo. Zikomo pondiyalira mphasa ndisanayambe n'kuyasamula komwe. Koma mmisiriyo asanasakanize mchenga, pali nkhani yoti muidziwe. Ndasankha kuilemba, chifukwa ndikainena pakamwa, pofika kwa munthu wachitatu idzakhala itamera miyendo. Tadala, uwerengere anzako mokweza, usadumphe mzere. Chikondi akhale pambali pako aziona papepalapo.

Ndiyambe ndi iwe Tadala yemweyo, popeza ndiwe unandinena kuti mtima wanga ndi mwala. Unabwera kuchokera kuhotela kwanu ku Senga Bay, yunifolomu ili m'thupi, n'kundiika foni pamphuno. Akuti basi yagubuduzika kudziko lina, anthu ambiri afa. Ine ndinali kupeta mpunga. Ndinati pepani, n'kupitiriza kupeta. Iwe misozi ili m'masaya unati, "Agogo, mwamva koma? Anthu afa." Ndinakufunsa dzina la mmodzi mwa iwo, sunalidziwe. Pasanapite nthawi ndinakumva ukuseka kuseri kwa nyumba, foni yomweyo ikukuonetsa mbuzi yovala chipewa. Sindikukunyoza ayi. Unalira zoona, unasekanso zoona. Ndimangodabwa kuti maliro ochuluka chonchi, a anthu a dziko lonse, inu mumawasunga pati.

Kale uthenga wa maliro unkabwera ndi miyendo. Munthu ankapalasa njinga kuchokera ku Chitala, n'kufika ali thukuta lokhalokha. Tinkamupatsa mpando ndi madzi, kenaka iye n'kuyamba kuzungulira, akuti odwala aja matenda akula. Tonse tinkadziwa kuti afa kale, koma tinkamuleka azungulire, popeza wapalasa mtunda wautali. Maliro a kutali ankafika atazizira, ena sankafika n'komwe. Pawailesi akamawerenga mauthenga achisoni, mayi anga ankatchera khutu mpaka amve dzina la mudzi. Ukakhala mudzi wosaudziwa ankati Mulungu awalandire, n'kutuma munthu akatunge madzi. Palibe ankawanena kuti ndi ouma mtima.

Musanyengedwenso ndi kulira kwa pasiwa. Ine ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndikakhala pamenepo ndimamvetsera. Mayi amalowa akulira kuti mayo ine achimwene anga, pamene wagonayo ndi nkhalamba yaikazi. Aliyense amabwera ndi wake mumtima, n'kubwereka mphasa ya eni maliro kuti amulirirepo. Si zoipa. Ndi mmene timathandizirana: eni ake amapeza phokoso, ife timapeza polirira.

Agogo anu a Lufeyo sanabadwire kunyanja. Anali a ku Chitala, kwa alimi a chimanga, ndipo kuno anabwera chikamwini. Atangofika ankasamba m'madzi olekeza m'mawondo, dzanja limodzi litagwira bango. Achimwene anga ndiwo anawaphunzitsa kugwira nkhafi. Mabwato a nthawi imeneyo anali a mtengo umodzi, osema ndi manja, osati a matabwa ndi injini amene amakusokosani m'mawa uno. Posema bwato lawo loyamba, agogo anu anaphonya mtengo, nkhwangwa n'kutera paphazi lamanzere. Chala chaching'ono chinatsala pansi. Iwo ankakuwa, ine ndinachitola, n'kuchikwirira patsinde pa mtengo wa mango kuti nkhuku zisachitenge. Pa thupi lonse la agogo anu, chala chimenecho chokha ndicho ndikudziwa pamene chili.

Anali munthu wabwino, mmene amuna amakhalira abwino. Sankandimenya, ankabweretsa nsomba, ankanama pang'ono. Mvula ikatha, chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa, ankapita ndi anzawo kukakhala masabata akupha utaka. Ku Mbenji akazi sitipondako, mowa sufikako. Zochitika kumeneko timangozimva m'kamwa mwa amuna, ndipo ana inu mukakula mudzadziwa mmene mungazimvere zotuluka m'kamwa mwa amuna.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi ana anayi, wamng'ono ali kumsana, amene ndi mayi ako iwe Chikondi. Ndinalinso ndi munda wa mpunga kusikimu ku Lifuwu. Nyengo ya chisanu, mphepo ya mwera itakwiya, kunabwera amuna awiri a m'gulu la agogo anu. Anakhala pansi, anamwa madzi, anazungulira. Mapeto ake anati bwato lapezeka litatembenuka, nkhafi yapezeka, munthu palibe. Anafufuza masiku angapo, nyanja inakana.

Apongozi anga a Naphiri anafika kuchokera ku Chitala ndi kamtolo ka zovala, n'kukhazikika m'nyumba mwanga. Sankadya. M'mawa uliwonse ankapita kukakhala pamchenga, akuyang'ana madzi ngati munthu wodikira basi. Akuluakulu a m'mudzi anawauza kuti madzi akamukana munthu, timadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga, n'kuliika m'manda m'malo mwake kuti maliro athe. Apongozi anawayang'ana n'kunena kuti, "Ine sindinabereke nthochi." Nkhani inathera pomwepo.

Inu simudziwa kukhala wopanda mtembo. Suli mkazi wa munthu, sulinso wamasiye. Sangakumete, abale a mwamuna sangakusudzule, anthu obwera kudzakuona sadziwa kuti alire kapena akulimbitse mtima, ndiye amangokhala n'kumadya. Kumunda sungapite, chifukwa anena kuti mwamuna wake ali m'madzi, iye akuthamangira mpunga. Ndipo mpungawo unali utacha. Mbalame zinkadya m'mawa, zinkadya madzulo, ndipo oyandikana nawo munda ankaziingitsa m'minda yawo kuzilozetsa kwanga. Sanandiuze, koma ndikudziwa, chifukwa ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo. Tinakhala choncho masabata atatu.

Tsiku lina m'mawa amayi otsuka mbale kunyanja anaona chinthu chitakodwa m'bango. Amuna anachikokera pamtunda n'kuchifunditsa mphasa. Anali munthu wamwamuna. Kunkhope nsomba ndi nkhanu zinali zitagwira kale ntchito yawo. Anavala juzi yofiira ngati ya agogo anu. Koma majuzi amenewo anabwera m'belo limodzi pamsika wa Salima, ndipo chaka chimenecho asodzi ambiri ankaoneka ngati timu ya mpira. Apongozi atangoona juziyo anagwa pansi akutchula dzina la mwana wawo.

Amalume anga, amene anali mwini mbumba, anati tisathamange, mkazi ndiye amadziwa thupi la mwamuna wake. Anandikankhira kutsogolo. Onse anaima patali chifukwa cha fungo, atagwira pamphuno. Ine ndinagwada, n'kukweza mphasa cha kumapazi.

Zala khumi. Ndinawerenga kawiri.

Kunena zoona ndinali nditakayika ndisanagwade n'komwe. Mwera umachokera kumwera, Mbenji ili kumpoto kwathu, ndipo mtembo sukwera mphepo. Apongozi zimenezi sakanazidziwa, anali a kumtunda. Asodzi ankazidziwa, koma tsiku limenelo aliyense ankayang'ana mapazi ake. Nditakwezanso mphasa pang'ono, ndinaona m'chiuno chingwe chili ndi kachithumwa kosokedwa m'chikopa, ka mtundu uja amavala anzathu achisilamu. Agogo anu anali munthu wa mpingo. Chithumwa chawo ankabisa m'bwato, osati m'chiuno.

Chingwecho chinali chitafewa ndi madzi. Ndinachikoka, chinaduka, ndinamanga kachithumwako pansonga ya chitenje. Ndinabweza mphasa n'kuimirira.

Amalume anati, "Nanga, Nankhoma?"

Ndinati, "Ndi iwowo."

Ndikudziwa mukufuna ndinene kuti ndinachitira chifundo apongozi. Chinalipo pang'ono. Koma pamene ndinkagwada paja ndinkaganiza za mpunga, ndi pakamwa panayi pamene pankandidikira kunyumba. Za munthu amene anagona pansi pa mphasayo, kuti ali ndi mayi wake, kuti wina akumudikira pamchenga wina, sindinaganizeko. Sindikuti ndinaganiza n'kuzikankha ayi. Sizinabwere n'komwe m'mutu.

Mtembo sukanatha kudikira ulendo wa ku Chitala, choncho tinauika tsiku lomwelo m'manda a kwathu kuno. Bokosi anakhoma ndi matabwa a chitseko changa. A mpingo anaimba nyimbo zonse zimene ankadziwa. Ine sindinalire. Ndinayesa kuchita zimene ndakuuzani zija, zobwereka mphasa ya wina kuti ndilirire wanga, koma ndikati ndiitane a Lufeyo, maso ankaona zala khumi. Amayi anayamba kunong'onezana. Wina anandisisita kumsana, wina ananditsina pantchafu kuti mwina ziyamba. Sizinayambe. Panamveka mawu akuti mkazi wosalira mwamuna wake akudziwapo kanthu, ndipo ankanena zoona, kungoti kanthu kake sikanali kamene iwo ankaganiza.

Apongozi analira mokwanira tonse awiri. Titachoka kumanda anapempha chakudya, anadya, anapemphanso china. Anatimeta, nthawi itakwana anandisudzula, ndipo iwo anabwerera ku Chitala kumene anakhalanso zaka zambiri akundinena kuti sindidziwa kuphika nkhwani.

Kulira kwanga kunachitikira kumunda. Inu mumaona mpunga uli m'thumba, simudziwa kuingitsa mbalame. Tinkamanga zitini pachingwe kuzungulira munda, n'kukhala pakachulu tsiku lonse ukukoka chingwe ndi kukuwa. Munthu akamakuwira mbalame palibe amamufunsa chimene akukuwa. Ndinakuwa masabata awiri mpaka mawu anatha. Ndinawatukwana agogo anu chifukwa chosiya khasu la kwawo n'kukagwira nkhafi, ndinawaitana, ndinawauza kumene ana afika. Odutsa ankati wamasiye uyu ndi wolimbikira ntchito. Ndinakolola zotsala kwa mbalame, ndipo zinatifikitsa.

Mwera utaleka, dzuwa litayamba kutentha, pakhomo panga panafika mlendo. Anali mayi wamng'ono kwa ine, mpango kumutu, mwana kumsana, mapazi oyera ndi fumbi. Mchimwene wake amene anamuperekeza anatsalira kumsewu akulankhula ndi amuna. Mayiyo anati dzina lake ndi Mariyamu, wachokera cha ku Chipoka, ndipo akuyenda doko ndi doko kufunsa za mwamuna wake amene anamira nthawi ya mwera. Anthu a m'mudzi anamulozera kwa ine, akuti pitani kwa a Nankhoma, nawonso zinawaonekera, mukatonthozane. Anthu a m'mudzi muno amakonda kuthandiza.

Ndinamuyalira mkeka pakhonde, ndinamupatsa madzi. Anafotokoza. Mwamuna wake anali Yusufu, wamtali, anavala juzi yofiira. Anati mwina nkhope siingadziwike, koma m'chiuno anali ndi chithumwa chimene anasoka iye mwini ndi ulusi wobiriwira, chifukwa wakuda unamuthera. Pamene ankanena zimenezi anali atatsamira khoma, ndipo kachithumwako kanali mkati mwa nyumba, pamwamba pa khoma lomwelo, m'kachitini. Ulusi wake ndinali nditauona kale.

Anafunsa ngati kuno kunafika mtembo. Ndinati unafika umodzi, unali wa amuna anga, tinaika.

Ndiye mayi uja anandigwira dzanja n'kuyamba kundilirira ine. Anandipepesa, anafunsa za ana, anati Mulungu ndiye amadziwa. Ine, monga mwa khalidwe langa, ndinkamvetsera kuti ndimve akulira wake kapena wanga. Ndikuganiza kuti ankalira onse awiri. Atapukuta m'maso anati:

"Mwayi wanu, mayi. Inu mukudziwa pamene agona. Ine ndikafuna kumupempherera dua sindidziwa koyang'ana."

Mukakhala pakhonde panga paja mukudziwa chimene chimaoneka kutsogolo. Mitengo ya kumanda. Mayiyo ankayang'ana komweko.

Ndinati, "Inde, ndi mwayi."

Mukufuna kudziwa chimene ndinamva mumtima. Ndikuuzani, popeza pepala silitsina munthu. Ndinayeza. Mbali imodzi ndinaika kufukula manda, apolisi, mudzi wonse kudziwa kuti ndinanama, apongozi kuferedwa kachiwiri, ine kubwerera kukhala munthu wopanda dzina, wosakhala mkazi, wosakhala wamasiye. Mbali ina ndinaika mayi amene ndinali ndisanamuonepo chibadwire, amene dzuwa likapendeka akhala atapita. Chisoni chinalipo, sindikukana. Koma chinali chaching'ono poyerekeza ndi zanga. Nditachiyeza bwinobwino ndinapeza kuti chikukwana beseni limodzi la mpunga, ndipo ndinalowa m'nyumba kukatapa.

Ndili mkatimo ndinatenga kathumba, ndinaponya kachithumwa kaja pansi, n'kuthira mpunga pamwamba. Musandifunse chifukwa chake. Kumuuza sindinafune, kukhala nako sindinafunenso. Ndinamanga kathumbako mfundo ziwiri kuti asakamasule panjira. Anathokoza mogwada, anasenza, anapita kudoko lotsatira.

Mumandiseka kuti ndimakhala moyang'ana kunjira, kuti mlendo asanakhale pansi ndimakhala nditamufunsa kwawo. Kukayikira anthu ndinabadwa nako, mayi anga ankati ndinkayamwa diso limodzi lili potseguka. Koma chaka chimenecho chinawonjezera. Ndinkadziwa kuti mpunga uja udzatha, ndipo pansi pake padzaoneka. Ndinawerengera kuti mayi wa mwana mmodzi, ndi alendo odzamupepesa, sangadutse nawo mwezi. Mwezi unatha. Ndikaona mpango ukubwera kuchokera kumsewu, ndinkasiya chimene ndikugwira n'kuimirira. Mvula inagwa, inatha, inagwanso.

Sanabwere.

Ndaziganiza zaka zonsezi. Mwina mchimwene wake uja anagulitsa mpungawo panjira kuti apeze ya basi. Nkhope yake sindinaikonde. Mwina anaupereka kwa apongozi ake, chithumwa n'kugwera m'madeya. Mwina anachipeza, anamvetsa zonse, anakumbukira mitengo ija, n'kusankha kundisiya ndi ana anga anayi. Chomalizachi ndicho chimandisowetsa mtendere, chifukwa ndikanakhala ine ndikanabwera ndi khasu.

Nthawi yolambula manda ikakwana, chaka ndi chaka, ndakhala ndikuzula udzu pamtumbira uja. Anthu amati a Nankhoma sanalire pa maliro koma amuna awo ankawakonda. Inu nomwe ndinakutenganiko muli aang'ono, mukulimbirana tsache. Iwe Chikondi unagwada n'kuwauza agogo ako kuti wakhoza mayeso. Sindinakuletse. Munthuyo analibe womuuza nkhani.

Yusufu sindinamulirepo mpaka lero. Ndimulira bwanji? Sindidziwa mawu ake, sindidziwa ngati ankaseka mokweza kapena ankamenya mkazi. Ndikudziwa mapazi ake okha. Mariyamu ndimamukumbukira kawirikawiri, koma misozi sibwera, ndipo ndinaleka kuidikira. Ya agogo anu imabwerabe, mwera ukayamba, popanda kuiitana. Mtima wanga ndi wotero, uli ngati nyumba yanga yomweyi: ogona mkati ndi ochepa, ena onse amathera pakhonde. Kaya wanu ndi waukulu kuposa pamenepa, mudzaona tsiku limene mudzayeze.

Tsono za chiliza. Mangani, simenti ingaume pachabe. Koma dzina la a Lufeyo musalembepo. Iwo ali m'nyanja, ndipo kumeneko sikufuna mmisiri. Lembani kuti Yusufu, basi, popeza dzina la bambo ake sindinafunse. Mtanda musaikepo, munthuyo wamva nyimbo zathu zokwanira. A ku Chitala akabwera ndi mafunso, musayankhe inu, mungawonjezere. Atumizeni kwa ine ndikadali ndi mpweya.

Ndikukuonani kale mukuyang'anizana, mukuti ndiye agogo tiwapezere malo ena, sangagone pambali pa mwamuna wa mwini. Musasinthe kanthu. Mudzandiike pomwepo. M'manda monse muja ndi iye yekha amene sanandinenepo, ndipo ndi iye yekha amene ndinamulanda kwawo. Mayi uja wachedwa, koma ine sindinamvepo kuti anafa. Akadzabwera, kaya iye kaya mwana uja anali kumsana, asadzavutike kufuna pawiri. Adzapeza munthu wawo, ndipo woti amufunse adzakhala ali pambali pomwepo.